Mbiri ya Wotchi m'Mphepete mwa Nyanja ku Mangochi

Mlendo wofika m'tauni ya Mangochi, akamayandikira mlatho wa pa mtsinje wa Shire, amaona nsanja ya njerwa itaima pamphambano ya misewu. Nsanjayo inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande, imene inamwalira mu January 1901, ndipo pamwamba pake anaikapo wotchi yaikulu kuti aliyense wodutsa aziona nthaŵi. Pafupi pomwepo pali mzinga wa sitima ya nkhondo ya Guendolen, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946. Masiku ano m'munsi mwa nsanjayo mumadutsa anyamata a kabaza, amayi ogulitsa nsomba ndi ana a sukulu, ndipo ena mwa odutsawo amakhala atavala pamkono kawotchi kooneka ngati galasi lakuda, kamene kamaŵala mwini wake akangotukula dzanja. Kameneka ndiko kakutchedwa smartwatch.

Pakati pa nsanja ija ndi kawotchi aka papita zaka zoposa 120. M'zaka zonsezi anthu a kunyanja akhala akufunsa mafunso aŵiri pa chinthu chilichonse chouza nthaŵi chimene chafika pakati pawo. Loyamba ndi lakuti, kodi chimathandiza chiyani pa ntchito ya tsiku ndi tsiku? Lachiŵiri ndi lakuti, kodi chimakhalitsa bwanji m'dziko la fumbi, la madzi, ndi la dzuŵa loswa mtengo? Nkhani ya lero ikutsata mafunso aŵiriŵa kuyambira pa makolo mpaka pa achinyamata a makono.

NTHAŴI YA MAKOLO

Anyanja ndi Ayao a m'mphepete mwa nyanja anali ndi wotchi yawo kalekale Mzungu asanaponde kuno. Tambala woyamba ankadzutsa wapaulendo wautali, wachiŵiri ankadzutsa wopita kumunda, ndipo nthanda ikatuluka kum'maŵa aliyense ankadziŵa kuti kunja kwatsala pang'ono kuyera. Tsiku linali ndi maina ake: m'bandakucha, m'mamaŵa, dzuŵa lili paliwombo, dzuŵa litapendeka, chisisira, ndi pakati pa usiku. Anthu aŵiri popangana za mlandu kapena za ulendo, mmodzi ankangotukula mkono n'kuloza kumwamba, kuti akumane dzuŵa likafika pamenepo, ndipo onse ankamvana bwino lomwe.

Msodzi anali ndi zambiri zoŵerenga kuposa mlimi. Iye ankayang'ana mwezi, pakuti usipa umabwera bwino pa kuŵala kwa moto kapena kwa nyali usiku wa mdima, koma mwezi ukakhala wathunthu nsomba zimabalalika ndipo ukonde umabwera wopepuka. Ankayang'ananso mphepo. Mwera, wochokera kum'mwera chakum'maŵa, umaomba kwambiri m'miyezi yozizira, ndipo ukakwiya bwato silichoka padooko. Mpoto umadza mvula ikamayandikira. Wotchi imeneyi sinkaduka, sinkachita dzimbiri, ndiponso panalibe wakuba amene akanaiba. Vuto lake linali lakuti sinkadula tsiku m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo kukachita mitambo munthu ankangoyerekeza.

Oyamba kugaŵa tsiku m'nthaŵi zoikika m'dera limeneli anali Asilamu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1870 mafumu akuluakulu a Chiyao, monga Makanjira ndi Mponda, analandira Chisilamu kudzera m'malonda awo ndi anthu a ku gombe la nyanja ya mchere. Ndi chipembedzocho kunadza mapemphero asanu a pa tsiku: la m'bandakucha, la dzuŵa litangopendeka, la pamene chithunzithunzi cha munthu chatalika kufanana ndi msinkhu wake, la dzuŵa litangoloŵa, ndi la usiku. Woitanira mapemphero pa mzikiti ankapima nthaŵi zimenezi ndi maso, ndipo mau ake ankakhala wotchi ya mudzi wonse, ngakhale kwa amene sanali Asilamu. Mwezi wa Ramazani nawo unkayamba ndi kutha poona mwezi watsopano, monga momwe zilili mpaka lero.

WOTCHI YA WAPAULENDO

Wotchi ya chitsulo inayamba kuoneka kuno m'katundu wa apaulendo. David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu September 1859, ankayenda ndi mawotchi apadera otchedwa chronometer. Ntchito yake sinali youza mwini wake nthaŵi ya chakudya, koma yomuuza pamene waima pa dziko lapansi. Wotchiyo inkasunga nthaŵi ya ku Greenwich ku Mangalande. Wapaulendo ankapima dzuŵa kapena nyenyezi kuti apeze nthaŵi ya pamalo pamene ali, ndipo kusiyana kwa nthaŵi ziŵirizo kunkamuuza kutalika kwa ulendo wake chakum'maŵa. Dziko limazungulira digiri imodzi m'mphindi 4, ndipo kuno digiri imodzi ndi makilomita oposa 100. Tsono wotchi ikalakwa ndi mphindi 4 zokha, mtsinje kapena phiri limajambulidwa pa mapu kutali ndi malo ake enieni.

Zimenezi zinamuchitikiradi Livingstone. Atadutsa kwa Mponda mu September 1866 n'kuloŵera chakumpoto, kumayambiriro kwa 1867 mnyamata wonyamula mawotchi aja anaterereka n'kugwa nawo. Mawotchiwo sanasiye kuyenda, koma anayamba kunama, ndipo miyeso imene iye anatenga pambuyo pake inali yolakwika. Apa mpamene padayambira phunziro limene likugwirabe ntchito: wotchi yoima ndi yabwinoko, chifukwa mwini wake amadziŵa kuti yafa, koma wotchi yonama imasocheretsa munthu iye akuikhulupirira. Dzina la Cape Maclear nalonso ndi la mbiri yomweyi, pakuti Livingstone anatcha malowo pofuna kulemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, amene ankaŵerengetsa ndi kukonza miyeso yake.

BELU, BOMA NDI SITIMA

Mu October 1875 sitima yaing'ono ya Ilala inaloŵa m'nyanja itanyamula amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dr Robert Laws, ndipo anamanga malo awo ku Cape Maclear mpaka pamene anasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881. Ndi mishoni kunadza belu: belu la mapemphero, belu la sukulu, belu loyambira ntchito ndi belu loŵerukira. Amishoni a Anglican anachita chimodzimodzi kwa Mponda ndi ku Malindi, kumene anali ndi malo okonzera sitima zawo. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga lotchedwa Fort Johnston pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo ndi kugonjetsa mafumu a m'derali, ndipo m'chaka cha 1897 boma linasamukira pamalo pamene pali tauni lero. Dzina la Mangochi linaloŵa m'malo mwa Fort Johnston dziko litalandira ufulu.

Wotchi ya pa nsanja ya 1903 iyenera kuonedwa m'maso a nthaŵi imeneyo. Kwa Atsamunda inali chikumbutso cha mfumukazi yawo, komanso inali lamulo. Ofesi, bwalo la milandu, asilikali ndi sitima zonse zinkayendera iyo. Munthu wofuna ndalama ya msonkho wa nyumba ankalembedwa ntchito, ndipo tsiku lake linkayamba ndi kutha pa ola limene bwana wanena, osati pamene thupi latopa kapena dzuŵa lapendeka. Chilankhulo chikusungabe umboni wa kusintha kumeneku. Lolemba ndi tsiku lolemba anthu ntchito, Loŵeruka ndi tsiku loŵeruka, ndipo masiku a pakati amangoŵerengedwa, Lachiŵiri mpaka Lachisanu, ngati mizere ya pa tikiti ya wantchito. Mau akuti wotchi ndi koloko anachokera ku Chingerezi, pamene akuti ola anachokera ku Chipwitikizi.

Nthaŵi ya pa mawotchi a lero si ya dzuŵa la ku Mangochi. Pa msonkhano wa ku Washington m'chaka cha 1884 maiko anagwirizana zoŵerengera dziko kuchokera ku Greenwich, ndipo Malaŵi amatsogola Greenwich ndi maola 2. Nthaŵi imeneyi ndi ya mzere wa madigiri 30, umene umadutsa kutali kumadzulo, m'maiko a Zambia ndi Zimbabwe, pamene Mangochi ali pa madigiri oposa 35 pang'ono. Ndiye chifukwa chake dzuŵa la kunyanja limatsogola wotchi ndi mphindi pafupifupi 20, ndipo m'mwezi wa November kunja kumakhala kutayera 5 koloko ikamakwana. Mkulu woumirira kuti dzuŵa lafika kale paliwombo wotchi isanakwane 12 koloko sakhala akulakwa ai.

Kufunika kodziŵa zinthu pa nthaŵi yake kunaonekera poyera mu August 1914. Uthenga wakuti nkhondo yayamba pakati pa Angerezi ndi Ajeremani unafika kwa Angerezi a ku Nyasaland pa lamya ya telegalafu. Captain Rhoades ananyamuka ndi Guendolen, sitima imene inalumikizidwa ku Fort Johnston m'chaka cha 1899, n'kukapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, kumene lero kumatchedwa Liuli ku Tanzania, ndipo anailumaza ndi mzinga. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo. Nyanja yonse inagwa m'manja mwa Angerezi chifukwa mbali imodzi inamva nkhani msanga, inzake ili m'tulo.

WOTCHI IFIKA PAMKONO

Wotchi ya pamkono inafala m'maiko a Azungu pa nkhondo yomweyo ya 1914 mpaka 1918, pakuti msilikali analibe mpata wopisa dzanja m'thumba. Kuno inadza pang'onopang'ono, poyamba ndi aphunzitsi, makalaliki ndi asilikali obwera kunkhondo, kenaka ndi amuna obwera ku Halale ndi ku Joni. Omvera achikulire akukumbukira bwino mmene matchona ankafikira: sutikesi yachitsulo pamutu pa mlamu, njinga yatsopano, galamafoni kapena wailesi, ndi wotchi yonyezimira, mkono wa malaya utapindidwa dala kuti aliyense aione. Ulendo wa kumigodi kudzera ku Wenela unaimitsidwa ndi boma m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalaŵi oposa 70. Unayambiranso m'chaka cha 1977 pansi pa Theba, n'kudzatheratu m'chaka cha 1988. Komabe njira ya ku Joni sinatsekeke, ndipo achinyamata ambiri a ku Mangochi amapitabe kumeneko, n'kumatumiza katundu kwa abale.

Wotchi ya masiku amenewo inkayendera sipuling'i, ndipo mwini wake ankaipukusa m'maŵa uliwonse. Adani ake anali atatu: fumbi, thukuta ndi madzi. Msodzi wanzeru ankaisiya kunyumba. Inkathamanga kapena kutsalira ndi mphindi zingapo pa sabata, kotero kuti wailesi ya MBC itakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, unakhala mwambo kuti muulutsi akamatchula nthaŵi nkhani zisanayambe, abambo ankaŵerama n'kukonza mivi ya mawotchi awo. Wofuna kukwera Ilala yachiŵiri, imene inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba maulendo m'chaka cha 1951, ankadziŵa kuti kwa zaka zambiri tsiku lake lonyamukira linali Lachisanu, ndipo woichedwerera ankadikira sabata yathunthu.

Ubwino waukulu wa wotchi ya sipuling'i unali wakuti inkakonzeka. Pakhonde la sitolo kapena pamsika pankakhala mmisiri ndi katebulo kake, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso, tizitsulo tili m'kachitini. Iye ankaitsegula, kuitsuka, kuithira mafuta, ndi kuikamo chitsulo chochotsa m'wotchi ina yakufa. Mwa njira imeneyi wotchi imodzi inkatumikira bambo, n'kudzatsalira mwana pa chuma cha masiye.

Kusintha kwakukulu kunachokera ku Japan. Mu December 1969 kampani ya Seiko inatulutsa wotchi yoyamba ya pamkono yoyendera kamwala ka quartz. M'mawotchi a mtundu umenewu kamwalako kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi kakalandira mphamvu ya batire, ndipo kulakwa kwake kumangokhala masekondi oŵerengeka pa mwezi. Pasanapite zaka zambiri mtengo wake unatsika, ndipo mawotchi a manambala anadzaza m'misika. M'chaka cha 1983 kampani ya Casio inatulutsa G-Shock, imene mmisiri Kikuo Ibe anaipanga ndi cholinga choti ikagwa pansi isafe. M'chaka cha 1989 kampani yomweyo inatulutsa F-91W, kawotchi kakuda kopepuka kamene batire lake limakhala zaka pafupifupi 7. Pa funso la kukhalitsa, mawotchi ameneŵa anaika muyeso umene smartwatch sinaufikebe.

Kenaka kunadza foni ya m'manja. TNM inayamba ntchito m'chaka cha 1995 ndipo Celtel, imene pambuyo pake inadzakhala Airtel, inatsatira m'chaka cha 1999. Foni inali ndi nthaŵi, belu lodzutsa ndi tochi, ndipo mikono ya anthu ambiri inakhalanso yopanda kanthu. Amisiri a pakhonde aja anachepa, ndipo malo awo anatengedwa ndi anyamata okonza mafoni.

SMARTWATCH NDI NTCHITO ZAKE

Wotchi inabwereranso pamkono itasanduka kompyuta yaing'ono. M'chaka cha 2012 kampani yaing'ono ya ku America ya Pebble inasonkhanitsa ndalama zoposa madola 10 miliyoni kwa anthu wamba a pa intaneti kuti ipange wotchi yolumikizana ndi foni. Samsung inatulutsa Galaxy Gear m'chaka cha 2013, ndipo Apple Watch inayamba kugulitsidwa mu April 2015. Pambuyo pake makampani monga Huawei, Xiaomi ndi Oraimo anatulutsa zotsika mtengo, ndipo mafakitale ena osadziŵika maina anadzaza misika ndi zongofanizira. Zonsezi zimafika kunyanja kudzera m'masitolo, m'misika, ndi m'zikwama za obwera ku Joni.

Ntchito yake yoyamba ndi kuonetsa pamkono zimene zafika pa foni. Mayi wogulitsa chambo, manja ali mamba okhaokha, amatha kuona amene akumuimbira, kapena uthenga wakuti ndalama zaloŵa pa Mpamba kapena pa Airtel Money, foni ili chimangire m'pepala la pulasitiki. Wa kabaza amaona uthenga osasiya chiwongolero. Belu lake limatha kungonjenjemera pakhungu, kotero kuti wodzukira daku m'mwezi wa Ramazani kapena wolaŵirira kunyanja sadzutsa ana. Mawotchi ena amakumbutsa nthaŵi za mapemphero ndi za kumwa mankhwala, ndipo ichi n'chothandiza kwa odwala amene ayenera kumwa mankhwala pa ola lomwelomwelo tsiku lililonse.

Ntchito yachiŵiri ndi kupima thupi. M'kati mwake muli kachipangizo komva kugwedezeka, kamene kamaŵerenga mapazi amene munthu waponda. Kunsi kwake kuli timagetsi tobiriŵira: magazi amamwa kuŵala kobiriŵira, ndipo pamene mtima wagunda magazi amachuluka pamkono, kuŵala kobwerera n'kuchepa, ndipo wotchi imaŵerenga kusinthako. Chiŵerengero cha mapazi 10,000 pa tsiku chimene mawotchi ambiri amalimbikitsa sichinachokere kwa madokotala. Chinachokera pa dzina la malonda la kachipangizo koŵerenga mapazi kotchedwa Manpo-kei, kamene kanagulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1965. Chimathandiza munthu wokhala pampando tsiku lonse mu ofesi, koma mayi wopita kumunda, kunkhuni ndi kumjigo sasoŵa wotchi yomuuza kuti ayende.

Ntchito yachitatu ndi kudziŵa malo. Mawotchi amene ali ndi GPS yawoyawo amamva masetilaiti oyenda kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo safuna netiweki ya foni kuti adziŵe pamene ali. Chodabwitsa n'chakuti njira yake ndi yomwe ija ya Livingstone, yopeza malo poŵerenga nthaŵi, pakuti setilaiti iliyonse imanyamula wotchi yosalakwa ndipo chipangizo cha pamkono chimapima nthaŵi imene uthenga watenga kuti ufike. Kwa msodzi amene chifunga kapena mdima wamubisira mapiri, chimenechi chingathe kumulozera kwawo.

Komatu pali malire oyenera kudziŵika. Mawotchi ambiri amadalira foni yamakono imene ili pafupi, pa mtunda wa mamita pafupifupi 10, ndipo popanda foniyo ntchito zambiri zimagona. Za nyengo amazitenga pa intaneti, kotero kuti pakati pa nyanja pamene palibe netiweki sangaloŵe m'malo mwa chenjezo la mwera limene a nthambi ya zanyengo amaulutsa pa wailesi. Choopsa koposa ndi manambala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga amene mawotchi otsika mtengo amaonetsa. Manambala otere sayenera kukhulupiriridwa, ndipo munthu wosiya mankhwala chifukwa wotchi yamuuza kuti ali bwino akuika moyo wake pachiswe. Kupimitsa koona kuli kuchipatala.

KODI IMAKHALITSA BWANJI?

Pa bokosi la smartwatch pamalembedwa zizindikiro zimene wogula ayenera kuzimvetsa. Pa chizindikiro cha IP67, nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi sililoŵa, ndipo 7 ikutanthauza kuti wotchi inayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP68 imapirira kuposa pamenepo, monga mwa muyeso wa amene anaipanga. Zonse ziŵiri n'zokwanira pa mvula ndi posamba m'manja, koma sizilonjeza kuti munthu angasambire nayo. Chizindikiro cha 5 ATM ndicho cha wosambira: chikunena kuti wotchi inapirira mphamvu yofanana ndi ya madzi odekha akuya mamita 50. Ngakhale zili choncho, anyamata othyola m'madzi kukagwira mbuna m'miyala ya ku Cape Maclear amafunika wotchi yopangidwira ntchito imeneyo. Madzi a nyanja ya Malaŵi alibe mchere, ndipo sadya chitsulo ngati a ku Beira, koma mphira wotseka m'mbali mwa wotchi amakalamba, ndipo sopo, madzi otentha ndi kugwa pansi zimafulumizitsa ukalambawo. Wotchi imene inali yosaloŵa madzi pogula siikhala choncho mpaka kalekale.

Mdani wachiŵiri ndi kutentha. Kampani ya Apple imanena kuti wotchi yake wamba imagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo aliyense wokhala ku Mangochi amadziŵa kuti mu October ndi November kutentha kumafika pamenepo kapena kupitirira. Batire la lithium limafooka msanga likamatenthedwa, makamaka likamatchajidwa padzuŵa kapena likasiyidwa pa bolodi la galimoto. Ngakhale losamalidwa bwino limayamba kutha msanga pakapita zaka ziŵiri kapena zitatu. Popeza batirelo amalimatirira m'kati, kulisintha kumafuna kung'amba zomatira, ndipo wotchi yotsegulidwa kaŵirikaŵiri imataya mphamvu yake yokana madzi.

Mdani wachitatu ndi magetsi. Apple Watch yoyamba inkalonjeza maola 18 pa kutchaja kumodzi. Mawotchi osavuta a makampani ena amatha sabata kapena ziŵiri. Kalembera wa m'chaka cha 2018, amene anapeza anthu oposa 1,100,000 m'boma la Mangochi, anaonetsa kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira magetsi. Ngakhale a m'tauni anaona zoŵaŵa pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, n'kuchotsa mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Kumudzi, wotchi yofuna kutchajidwa usiku uliwonse imalimbirana kasola kamodzi ndi foni, tochi ndi wailesi, ndipo kachingwe kake kakatayika si pamsika uliwonse pamene kangapezeke.

Mdani wachinayi ndi wachilendo, ndipo makolo sanamuonepo. Smartwatch ingathe kufa galasi lake lili losasweka, chifukwa moyo wake uli m'mapulogalamu a kampani ya kutali. Pebble ija inatseka mu December 2016, chuma chake chinagulidwa ndi Fitbit, ndipo m'chaka cha 2018 makompyuta amene ankatumikira mawotchiwo anazimitsidwa. Anthu odzipereka ndiwo anachita kukonza njira zawo kuti mawotchiwo asafe. Ngati zinatero ndi kampani yodziŵika, nanga kuli bwanji ndi wotchi yopanda dzina, imene pulogalamu yake ingachotsedwe pa intaneti tsiku lililonse? Pajatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

PHUNZIRO LA MBIRI

Poyang'ana m'mbuyo, zinthu zachitsulo zimene zakhalitsa panyanja pano si zimene zinali zokongola koposa, koma zimene anthu a konkuno anatha kuzitsegula ndi kuzikonza. Sitima ya Chauncy Maples, imene inalumikizidwa kwa Mponda n'kuloŵa m'madzi m'chaka cha 1901, inatumikira zaka pafupifupi 90, poyamba ngati sitima ya mishoni, kenaka yophera nsomba, pomaliza yonyamula anthu, chifukwa ku Malindi ndi ku Monkey Bay kunali amisiri. Wotchi ya sipuling'i inakhalitsa chifukwa cha mmisiri wa pakhonde. Wotchi ya quartz inakhalitsa chifukwa sinkafuna zambiri. Smartwatch imachita zambiri kuposa zonsezi, koma ndiyonso yamoyo waufupi koposa, ndiponso yovuta kukonza. Tsogolo lake kunyanja lidalira kwambiri anyamata ndi atsikana okonza mafoni m'misika ya Mangochi, Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira, ngati adzapeza mabatire, magalasi ndi luso lotsekanso wotchi kuti madzi asaloŵe.

Wogula wanzeru tsono amafunsa asanatulutse ndalama, pakuti safunsa anadya phula. Amafunsa kuti batire limatha masiku angati, ngati wotchiyo ikugwirizana ndi foni imene ali nayo, ngati yalembedwa IP68 kapena 5 ATM, ngati lamba wake ndi kachingwe kotchajira zimapezeka pafupi, ndiponso ngati dzina la kampani lili lodziŵika. Akagula amaitsuka ndi madzi oyera pochotsa thukuta ndi mchenga, amaitchajira pamthunzi, ndipo ikafa saiponya pamoto kapena m'nyanja, chifukwa batire lake limaphulika pamoto ndipo limaipitsa madzi. Ndalama zikakhala zochepa ndipo chofunika chili nthaŵi yokha, kawotchi ka manambala ka zaka 7 kaja n'kokwanira.

Ndipo pa madooko a Msaka, Chembe ndi Malembo, madzulo mabwato akamakonzekera kuloŵa m'madzi, mnyamata wovala smartwatch amatha kunena ola ndi mphindi mosalakwa. Koma za kunyamuka kapena kukhala, amene amagamula ndi mkulu wa bwato, atayang'ana mwezi, mitambo ya pamwamba pa mapiri, ndi mmene mafunde akumenyera pagombe.